Njati Idakwera Phiri Chafutambuyo

Pabanja pathu akazi tidalipo awiri, ine ndi Njati. Njatiyo idali galimoto, imodzi mwa zija zokoka ndi matayala onse anayi, zimene mabwana a m'maesiteti ankayendera m'minda ya fodya. Amuna anga a Mbewe, amene ankakonza magalimoto pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika wa Mponela, adaipeza itatayidwa pafupi ndi chigafa pa esiteti ina ya ku Chisepo, nkhuku zikuikiramo mazira. Adabwera nayo pakhomo chokoka, ndipo tsiku lomwelo ndidadziwa kuti ndalandira mkazi mnzanga. Njati ikatsokomola, a Mbewe sankadya. Ndikatsokomola ine, ankangoti, "Imwani madzi otentha, mayi a Mphatso."

Adaiumba ndi manja awo galimoto imeneyi. Denga adawotcherera la zitsulo za mabedi akale n'kuliphimba ndi tenti. Mipando yakumbuyo adaichotsa. Pa masipuling'i, zitsulo zosanjikizana zija zimene zimanyamula thupi la galimoto, adaonjezerapo zina za ku lole yakufa kuti Njati izisenza mabelo a fodya osakhala pansi. Zitsulo zimenezo ankazinyadira kwambiri, mlendo aliyense ankamugwaditsa kuti asuzumire kunsi azione. Koma munthu wokwera kumbuyo ankamva mwala uliwonse wa mumsewu m'mano mwake.

Udali mwezi wa Febuluwale, chaka chachiwiri cha matipate, mvula ili pakati, pamene alongo anga a Yohane adatulukira pakhomo pa njinga, matope mpaka m'khosi. Kwathu ndi ku mapiri a Ntchisi, kupitirira boma, kumene nthawi ya dzinja galimoto siifika. Munthu sapalasa njinga kuchokera kumeneko kuti adzangopereka moni.

"Alongo, amayi athyoka mwendo. Anaterereka kudimba, fupa linachita kuboola khungu."

"Liti?"

"Sabata yapita. Tinawamanga ndi mankhwala achikuda, koma mwendo watupa, wayamba kuda. Thupi likutentha, mpaka akumayankhula ndi anthu amene anamwalira kale."

Ndidapsa mtima. "Sabata yonse, a Yohane! Mumadikira chiyani, kuti paphuke mwendo wina?"

Adati adayesa kuwanyamula pa machira, koma amayi adakuwa mpaka onyamulawo adawabweza asanatuluke m'mudzi. Ngolo nayo siikadatha kuwoloka mtsinje. Ine ndidali nditaonapo mwendo wakuda chotero wa bambo wina woyandikana nafe, ndipo ndinkadziwa kumene nkhani yake idathera. Tikachedwa, amayi akadula mwendo, kapena tiwataya ndithu.

A Mbewe atamva zonsezi adanyamuka n'kukatsegula boneti ya Njati. Ine ndidamanga kachikwama kanga msangamsanga n'kukhala pampando wakutsogolo. Ndidakhala, ndidakhala. Iwo ali kunsi, akuthira oyilo, akugogoda mabawuti limodzilimodzi. Adalonga jeke, masipanala, khasu, matabwa, ndi mtolo wonse wa machubu akale. Petulo adachita kukapempha kwa mnzawo wina amene chigayo chake cha petulo chidafa, poti pa filing'i siteshoni padalibe. Batire nalo lidali lofooka.

"Bambo a Mphatso, tikupita kwa odwala kapena tikusamuka?"

"Kuthamanga si kufika, mayi. Ikatifera pakati pa phiri, mudzandifunsa chimene ndinasiyira jeke."

Tidanyamuka dzuwa lili paliwombo, anyamata a pamsika atatikankha. Njinga ya a Yohane tidaimanga padenga.

Pamphambano ya ku Ntchisi padali anthu ambiri odikira matola, ena atakhala pamenepo chiyambire m'mawa, mitengo itakwera kale chifukwa cha matope. Ndidauza a Mbewe kuti asaime. Iwo adaima, koma injini osazimitsa, n'kuyang'ana gulu lonse lija ngati akusankha ng'ombe pamsika. Adaloza bambo wina wa chifuwa chachikulu amene adanyamula kathumba kokha.

"Tilibe nthawi ya matola," ndidatero.

"Sindikufuna ndalama zawo. Ndikufuna msana wawo. Ikazima iyi, mukankha ndinu?"

Bambowo adali a Makwinja, kwawo ku Phalombe, tenanti pa esiteti ina ya ku Chisepo, ndipo ankapita ku boma kukaona mwana wawo wamkazi. Adali munthu wa pakamwa posatseka. Tisanayende patali adali atatiuza kale za makhadi a chipani amene adaleka kufunsidwa pakhomo la msika, za akazi amene adawaona atavala mathalauza ku Lilongwe, ndiponso za mtengo wa feteleza umene udakwera ngati nawo wapatsidwa ufulu. Atamva kuti tikukatenga amayi anga, adaseka mpaka kugunda tenti.

"Ndiye kuti adalaivala mukukanyamula apongozi? Mukhala nawo m'galimoto imodzi? Mukaona!"

A Mbewe adangoyang'ana msewu, makutu ali psuu.

A Makwinja adagunda pachilonda. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, sakhala pamphasa imodzi. Akakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire. Amayi anga, a Namwale, mwambo umenewu ankausunga kuposa wina aliyense m'mudzi. Mphatso, mwana wathu woyamba, adali atakula kale mpaka kulowa sekondale, koma amayi ndi a Mbewe adali asanayankhulanepo mawu ndi amodzi omwe. Ankakondana ndithu. A Mbewe adawafolera nyumba, amayi ankawasungira mtedza wosankha chaka ndi chaka. Koma zonse zinkadzera mwa ine. Amayi ankati, "Uwauze eni ake a Mphatso kuti tathokoza," a Mbewe ali potero pomwepo atafulatira, akumva ndi makutu awo.

"Masiku ano ndi matipate, achimwene," adapitiriza a Makwinja. "Aliyense akuyankhula ndi amene wamufuna."

"Matipate sanafike kuseri kwa phiri lija," adayankha a Yohane.

Tsoka loyamba lidatipeza pa dambo lina tisanafike ku boma. Madzi adali atasefukira pamsewu, ofiira, osaoneka pansi. A Mbewe adalowamo pang'onopang'ono, madzi ali thovu mbali zonse, ndipo titangotsala pang'ono kutuluka Njati idatsokomola kawiri n'kuti zii. A Makwinja adalipira ulendo wawo pamenepo. Adavula nsapato, iwo ndi a Yohane, n'kukankha mpaka pouma, mitsempha ili tototo m'khosi.

Madzi adali atalowa m'kabokosi kogawa moto ku mapulagi. A Mbewe adakatsegula, adafunafuna kansalu kouma m'galimoto monse, osakapeza. Kenako maso awo adaima pamutu panga.

"Mayi a Mphatso, tabwerekeni duku."

Duku langa la kutchalitchi! Ndidalivula mano nditaluma, n'kumaonerera mkazi mnzanga akupukutidwa nalo. Atatha kupukuta adati tidikire kuti mphepo iumitse zotsala. Tidadikira. Patsidya padali sukulu, ana ali mbwee pansi pa mitengo poti sukulu idali itangokhala yaulere, ndipo onse adasiya mphunzitsi wawo n'kutembenukira kwa ife. Ine maso adali ku mapiri, kumene mitambo inkasonkhana. Ndinkangoganiza za mwendo uja, kuti kudako kwafika pati tsopano. Ndidalira pang'ono, chobisa, nditafulatira amuna aja.

Pomaliza a Mbewe adavunga kabokosi kaja ndi pepala lapulasitiki la shuga, adamanga ndi mphira wa chubu, ndipo titakankhanso Njati idalira. Duku adandibwezera lili bii.

Ku boma a Makwinja adatsika. Adagwira a Mbewe dzanja n'kunena kuti, "Mukawapatse moni apongozi. Pepani, ndayiwala, mukawauze akazi anu awapatse moni." Tidadutsa pa geti ya chipatala, ine n'kuliyang'anitsitsa, kupempha mumtima kuti mawa tidzalowepo ndi munthu wamoyo.

Kuchokera pa boma msewu udasanduka njira ya ngolo, kenako njira ya madzi. A Mbewe adalowetsa giya ya matayala onse anayi, Njati n'kumakwawa m'zitunda ikubuula. Chitunda chomaliza kwathu timachitcha Tulakatundu, poti palibe amene amachikwera osapumira. Njira yake ndi yopapatiza, mbali ina khoma la phiri, mbali ina phompho, ndipo kunsi kwake ndiye kuli mtsinje wathu. Tidatsetsereka bwino, tidawoloka madzi akulekeza m'mawondo, n'kulowa m'mudzi dzuwa litapendeka.

Fungo lidandilandira pakhomo. Amayi adali gone pamphasa, ataonda, milomo itauma, mwendo utatupa ngati mtondo. Koma nzeru zidali zitabwerera, ndipo pakamwa padali pomwe paja.

"Wabwera ndi yani?"

"Ndi bambo a Mphatso, amayi. Abwera ndi galimoto. Mawa tikupita kuchipatala."

"Ayendetsa ndani?"

"Iwo omwewo."

Adatembenuzira nkhope kukhoma. "Ndigone chagada, mwendo uli pamtunda, nsalu itakwinyika, pamaso pa eni ake a Mphatso? Iwe Naphiri, ndinakulera ine kapena wina? Bola ndifere pompano."

Ndidawanyengerera, ndidawakalipira, ndidagwada. A Yohane adayesa mbali yawo. Amayi adangoti ayi. Ndinkafuna kukuwa. Munthu mwendo ukuwola, iye n'kumaganiza za manyazi! A Mbewe nthawi yonseyi adali atanyonyomala panja, pafupi ndi nkhokwe, atafulatira chitseko. Adatsokomola pang'ono kuti ndidziwe kuti ali ndi mawu.

"Mayi a Mphatso, muwauze amayi kuti ndimanga chitenje kumbuyo kwa mpando wanga, kuchokera kudenga mpaka pansi. Kalilole wa m'kati ndimuchotsa. Muwauze kuti ine ndikhala ngati kulibe."

Ndidabwereza mawu onsewo, ngakhale amayi adawamva bwino lomwe. Amayi adatembenuza nkhope kuchoka kukhoma.

"Uwauze kuti chitenjecho chikhale chochindikala."

Ndidatuluka mtima utatsikako, koma ndidapeza a Mbewe ataima kumbuyo kwa Njati nkhope ili yakugwa. Adakwera pa bampala n'kudumphadumpha. Galimoto siidagwedezeke n'komwe.

"Mukuona? Iyi ndinaipangira mabelo. Belo silimva kuwawa. Amayi tikawaika umu mmene ilirimu, sitifika nawo ndi pamtsinje pomwe."

Adaitana amuna a m'mudzi, adakweza Njati pa jeke n'kuikhazika pa zitsa, n'kuyamba kumasula zitsulo zawo zonyadira zija. Mabawuti adali atadya dzimbiri, ena adachita kuwathira palafini ndi kuwamenya ndi nyundo. Chala chimodzi adachiphwanya, osadandaula. Mdima udawapeza atatha mbali imodzi, ina adamaliza m'mawa. Zitsulo za lole zija adazikankhira pansi pa nkhokwe ngati zinthu zopanda ntchito, ndipo atakweranso pa bampala Njati idanyonyomala n'kudzuka mofewa. Matayala nawo adawaphwetsako mpweya.

Kenako adatenga machira aja, mitengo iwiri ndi ziguduli, n'kuwapachika ku zitsulo za denga ndi zingwe za mphira zodula ku machubu. Zingwe zina adamanga m'mbali kuti machirawo asamagunde khoma. Adandituma beseni lodzaza madzi, adaliika pamachirapo, n'kuyendetsa galimoto kuzungulira mudzi, kudutsa dala m'mizere ya mbatata. Madzi adatayika theka. Adamasula zingwe zina, adalimbitsa zina, adathiranso madzi, adazungulanso. Ine ndinkangoyang'ana dzuwa likukwera, mtima uli m'mwamba, koma ulendo uno sindidanene kanthu. Pobwera komaliza beseni lidali lodzaza, madzi akungonjenjemera.

Amayi tidawanyamula ine, a Yohane ndi amayi ena a m'mudzi, a Mbewe atapita kukaima kuseri kwa nyumba. Tidawagoneka mutu uli pafupi ndi chitenje, pa thumba la madeya, nkhope italoza kumbuyo. Tenti yakumbuyo tidaipinda kuti azipuma mphepo. Titanyamuka ndinkadikira kukuwa kuja, koma sikudabwere. Machira ankangoyendayenda pang'ono, amayi ali phee.

"Naphiri, kodi tanyamuka?"

"Tadutsa kale pamanda, amayi."

"Uwauze kuti ayendetsa bwino."

Mvula idayamba tisanafike kumtsinje. Kumapiri idali itagwa kale, poti madzi tidawapeza atakwera, akukokolola zinyalala. A Mbewe adati tikadikira tigona tsidya lino masiku. Adalowamo, Njati idalimbana nawo, madzi akumenya zitseko, mpaka matayala akutsogolo adagwira gombe. Potuluka, tayala lina lakumbuyo lidazungulira pamatope mwaliwiro, kenako lidaluma mwala mwadzidzidzi. Tidangomva kuti thyo! kunsi, ngati nkhuni youma.

A Mbewe adatseka maso. Ine ndidadziwa kuti zavuta, poti munthu ameneyu satseka maso pachabe.

"Shafuti yakumbuyo yathyoka," adatero. "Chitsulo chimene chimazunguza tayala. Ndinachiwotcherera chaka chatha, chatsopano chinasowa."

Matayala akutsogolo okha adatikokera pa kamalo kosalala m'munsi mwa Tulakatundu. Pamenepo adaika miyala, injini osaizimitsa chifukwa cha batire lija, n'kugona m'matope kunsi kwa galimoto, mvula ikuwamenya miyendo. Adamasula chitsulo chachitali chopititsa mphamvu kumbuyo, adasolola chothyoka chija kuti chisaphwanye zina. Zidatenga nthawi. Kumbuyo kwathu mtsinje udadzaza mpaka pamene tidadutsa paja padasowa. Kubwerera kudatheratu. Amayi thupi lidayambanso kutentha, ndipo ndidawamva akuitana dzina la mng'ono wawo amene adamwalira ine ndili mwana. Ndidawapukuta nkhope.

Atatuluka kunsi kuja, a Mbewe adayesa chitunda. Njati idakwera pang'ono, matayala akutsogolo n'kuyamba kupala matope pamalo amodzi. Idabwerera yokha. Adayesanso, chimodzimodzi.

"Pokwera, kulemera konse kumathawira kumbuyo," adatifotokozera akupukuta madzi kumaso. "Ndiye matayala amene atsala ndi mphamvu akungoyandama. Koma tikaitembenuza, mutu uloze kumtsinje, kulemera kubwera pa iwo. Tikwera chafutambuyo."

"Tulakatundu? Chafutambuyo?" adafunsa a Yohane. "Alamu, mwaliona phompholo?"

"Ndaliona. Muli ndi nzeru ina?"

Padalibe nzeru ina. Adaitembenuza movutikira pa kamalo kaja. A Yohane adawakhazika pa boneti, atagwira tayala lapadera, kuti aonjezere kulemera. Ine adandipatsa mwala waukulu kuti ndiziyenda pambali pa tayala lakutsogolo, galimoto ikangoima ndiponye mwalawo kunsi kwake isatsetserekere mumtsinje. Padalibenso munthu wina woti akhale kumtunda n'kumalozera njira. Akalilole am'mbali adathyoka kalekale m'minda ya fodya, wa m'kati adali atachotsedwa, ndipo pakati padali chitenje chochindikala chija.

A Mbewe adatsegula chitseko chawo, adatulutsa mutu, n'kuyamba kubwerera. Zoonadi matayala adaluma. Njati idayamba kukwera, ikulira mokweza, matope akundithovukira kumaso. Koma mbali yawo idali ya khoma la phiri. Mbali ya phompho idali yanga, ndipo iwo sankaiona n'komwe. Pa ngodya yoyamba ndidakweza maso n'kuona tayala lakumbuyo likupita kumphepete, dothi likugumuka pansi pake.

"Imani! Imani, bambo a Mphatso!"

Adaponda mabuleki. Ndidaponya mwala. Njati idaterereka pang'ono n'kuima, tayala lija litatsala chikhatho chimodzi kuti lilende m'malere. Pamwamba pa tayala limenelo ndi pamene padali miyendo ya amayi.

Kunkamveka mvula yokha pa tenti, ndi injini ikugunda pansipansi. Ndidasuzumira pawindo, ndidaona a Mbewe atagwira chiwongolero manja onse awiri, akupuma ngati athamanga. Adayang'ana chitenje, adayang'ana ine. Ndidadziwa chimene ankafuna, ndipo ndidadziwanso kuti sangachinene, ngakhale tonse tikadagwera m'phompho. Adalonjeza, ndipo mkamwini sang'amba nsalu ya apongozi ake. Ndidatsegula pakamwa kuti ndinene ndine, koma ndisanatero ndidaona dzanja lowonda likutulukira m'mphepete mwa chitenje. Lidagwira nsalu, lidakoka kamodzi, kawiri, mpaka mfundo idamasuka. Chitenje chidagwera pa mapewa a a Mbewe.

"A Mbewe."

Kadali koyamba kumva amayi akutchula dzina limenelo. A Mbewe adauma, maso ali kutsogolo.

"A Mbewe, tembenukani. Mukufuna kundiponya m'phompho chifukwa cha ulemu? Yang'anani kuno muone njira."

Adatembenuka pang'onopang'ono, dzanja limodzi pa mpando, ndipo nkhope yawo idapezeka pafupi ndi nkhope ya amayi, moti akadatha kuwerengana makwinya. A Yohane pa boneti paja adayang'ana kumbali ngati aona munthu akusamba.

"Pepani, amayi," adatero a Mbewe.

"Mupepesa pamwamba. Njira iyi ndaiyenda ndi mitolo pamutu inu musanabadwe. Machirawa akukutchingani pansi, koma ine ndikuona. Tsikani pang'ono kaye, mubwerere kukhoma."

Ndidachotsa mwala, adatsika pang'ono, adawongola, n'kuyambanso. Ine ndikuyenda pambali ndi mwala wanga, ndinkamva mawu a amayi akupyoza phokoso la injini, mawu omwe aja ankatiitanira kudimba tili ana.

"Kukhoma! Kukhomabe! Basi, chomwecho. Pali mwala apo, upiteni pakati. Musaope, pondani moto! Kodi mwadya inu?"

"Ndadya, amayi!"

"Ndiye pondani ngati mwadya!"

Pa ngodya yachiwiri matayala adapalanso matope, ndidaponya mwala, a Yohane adadumphadumpha pa boneti, Njati idalumanso. Nsapato yanga imodzi idatsala m'matope, sindidaitole. Mikono idachita dzanzi. Sindidziwa kuti tidatenga nthawi yaitali bwanji, ndimangokumbuka kuti mwadzidzidzi kulira kwa injini kudafewa, galimoto idaima yokha pamalo osalala, ndipo mtsinje unkamveka kutali kunsi. Ndidaponya mwala uja pansi n'kukhala pomwepo m'matope. Ndidalira mokweza ngati mwana, osabisanso, ndipo a Yohane adatsika pa boneti akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

A Mbewe adatembenukira kutsogolo msanga, adatola chitenje chija n'kundipatsira pawindo.

"Mayi a Mphatso, mangiraninso."

"Chisiyeni," adatero amayi ali chitsinzinire. "Mundifunditse, ndikumva kuzizira."

Kuchokera pamenepo tidayenda ndi matayala awiri okha, pang'onopang'ono, zitunda zing'onozing'ono a Yohane akukankha. Tidalowa pa geti ya chipatala cha pa boma dzuwa lisanalowe, mvula itakata.

Amayi adawatengera m'kati pa kabedi ka matayala. Ine ndidakhala pabenchi, phazi limodzi lopanda nsapato, kuyang'ana chitseko. A dokotala atatuluka adali ndi nkhope ya ukali, ndipo adatikalipira ine ndi a Yohane chifukwa chochedwa, mawu amene tidawalandira mitu ili pansi. Kenako adapuma n'kunena kuti atsuka chilonda, achotsa mnofu wowola, ndipo magazi akuyendabe mpaka kuzala.

"Mwendo sitidula. Adzatsimphina, koma adzayenda ndi miyendo yawo. Mukanagonanso kumudziko, ndikanakuuzani zina."

Mtima wanga udakhala pansi koyamba chichokere ku Mponela. Ndidamva njala, ndidamva kuzizira, ndidamva kuwawa kwa mikono, zonse nthawi imodzi, ndipo zonsezo zidandikomera. Ndidathamangira panja. A Mbewe ndidawapeza atakhala pa bampala ya Njati, matope atauma thupi lonse, chala chophwanyika chija atachimanga ndi kansanza. Nditawauza adangogwedeza mutu, adavula chipewa, n'kuphimba nacho nkhope kwa kanthawi.

Amayi atawagoneka m'chipinda cha odwala aakazi, ndidawakoka a Mbewe kuti akaone okha, angosuzumira pakhomo. Adakana, ndidawakokabe. Pakhomopo tidakumana ndi namwino, mayi wamfupi wa mawu akuthwa, amene adawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo, muno ndi mwa amayi, ndipo nthawi yoona odwala yatha. Madalaivala amadikira panja. Kapena ndinu ndani wawo wa odwalawo?"

A Mbewe adapotokola chipewa m'manja. Adayamba kubwerera m'mbuyo, pakamwa pakuyesa kuumba mawu oti mkamwini. Bedi la amayi lidali lachiwiri kuchokera pakhomo, ndipo ine ndinkayesa agona. Koma adatsegula maso, adadzutsa mutu pang'ono pa pilo.

"Anamwino, ameneyo ndi mwana wanga. Mulowetseni."

Namwino adapatuka. A Mbewe adavula nsapato zawo zamatope, adazisiya pakhonde, n'kulowa chopanda nsapato mpaka pambali pa bedi. Adagwada pansi, amayi adawapatsa dzanja.